Ndinkadya Zogwa Zokha Mumtengo

Amene akukayika aimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa ine Esinati, wothyola tiyi pamunda womwe uno, mdzukulu wa munthu amene anachoka ku Mulanje wapansi, sindinanamepo chibadwire, ndipo zimene ndikuuzenizi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, komboni yonse ikuona. Inu Mai Rudo mwayamba kale kuseka. Khalani pansi, mvula iyi sikata msanga ndipo kapitawo wabisala kwake.

Inali nyengo ya mango, mwana wanga Tadiwa ali ndi miyezi isanu, akuyamwa. Mlamu wanga Fainesi, mlongo wa bambo a Tadiwa, anabwera kuchokera ku Mutare ndi foni yake yaikulu ngati mbale, n'kutionetsa mayi wina wakunja amene sadya china chilichonse koma zipatso. Akuti chipatso ndicho chakudya chokha chimene chimaperekedwa mwaufulu, poti nkhuku umaidula khosi, chinangwa umachizula ndi mizu yomwe, koma bango kapena papaya palibe amene walilirira. Atatero anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Koma iwe mlamu, ndi mimba yako yokonda matembayi, sungafike ndi madzulo omwe."

Ndinaimirira. Ndinalumbira pamaso pa onse kuti si zipatso chabe, koma ndidzadya zokhazo zimene zagwa zokha, popanda kuthyola, popanda kugenda, popanda kugwedeza nthambi. Apongozi anga, amene ankasenda nyemba pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu.

"Muroora, iwe mkazi wa mwana wanga, lumbira zako," anatero, "koma mwanayu ali ndi khadi la kusikelo. Mzere wa pakhadipo ukangosiya kukwera, ndikumutenga, akakulire phala kwa azakhali ake ku Chipinge."

Mukumva? Mwana wanga, ku Chipinge. Ndinayankha kuti mzerewo ukwera mpaka utuluke papepala.

Vuto loyamba simungaliganize, inu amene mumadya mosasamala. Chigwa chathu chonse cha Honde ndi nthochi, kuyambira ku Hauna mpaka kumtsinje, koma nthochi siigwa yokha, imadikira chikwanje. Ndiye ndinapita kuseri kwa komboni, ndinaima pansi pa mkoko wina waukulu, mwana kumbuyo, manja m'chiuno, ndipo ndinauyang'ana osaphethira kuyambira m'mawa mpaka masana, mpaka mkokowo unachita manyazi, unapsa ndikuona, nthochi zinayamba kudzisenda zokha ndi kutsika imodzi imodzi, zina zikupepesa kuti zachedwa. Funsani aliyense wa mzere wa nyumba zathu, makoko ake anatsala m'mwamba akulendewera mwezi wathunthu.

Kenako anyani. Chogwa chokha n'cha amene wafika msanga, ndipo anyani a kuphiri kuja sadziwa za lumbiro la munthu. Tsiku loyamba anandisiyira nthangala zokha. Lachiwiri ndinathamanga nawo, ndinawapitirira pamtunda, ndinafika pansi pa mtengo bango lisanaganize n'komwe zogwa, ndipo nyani wamkulu, wa imvi paphewa, atafuna kundilanda peyala ndinamugwira mchira, ndinamuzunguza katatu, anakagwera m'munda wa zinanazi tsidya lina, n'kubwerako akuwomba m'manja. Kuyambira pamenepo anyani onse anafuna kunditumikira. Anakwera mumtengo n'kuyamba kundigwedezera mango. Ndinakana. Ndinati kumeneko n'kuba, bwezerani. Anabwezera, limodzi limodzi, lililonse pa nthambi yake, ndipo amene anasokoneza nthambi ndinamubwezanso.

Kuntchito nako lumbiro linanditsata, chifukwa ndikanathyola bwanji tsamba la tiyi ine wosathyola bango? Ndinkangoyenda mumzere wa tiyi dengu kumsana, n'kutsokomola kamodzi, masamba awiri ndi kansonga kake ankadumpha okha kulowa m'dengu, mzere wonse, ndi wa mnzanga womwe, mpaka kapitawo anandipempha kuti ndizitsokomola pang'ono poti fakitale yalephera kutsatira.

Thupi linapepuka, azimayi anzanga. Thukuta langa linkanunkhira chinanazi, njuchi zinkandiperekeza popita kumpopi, ndipo tsiku lina mphepo yochokera kumapiri inandinyamula ndili ndi ndowa pamutu, inandidutsitsa pamwamba pa minda yonse, ndinaona madenga a ku Mozambique, ndinapatsa moni mayi wina amene ankayanika ufa kumeneko, n'kubwerera madzi osatayika ndi dontho lomwe. Bambo a Tadiwa anayamba kundimangirira ndi chitenje pamzati wa khonde akamapita ku fakitale. Bere lakumanzere linkatulutsa madzi a mango, lakumanja a malalanje, ndipo magwafa onse mukuwaona kuseri kwa nyumba yangawa anamera pamene ndinkachapira matewera. Za ulendo wa kuchimbudzi sindinena, kanjira kake kalipobe, udzu unakana kumeranso.

Koma ine maso anga sachoka pa mwana, ngakhale ndili m'mwamba. Tadiwa anali ndi mapindi atatu pantchafu. Ndinawerenga m'mawa wina pomusambitsa, ndinapeza awiri. Kachingwe ka pamkono kamene kankamuluma kanayamba kutsetsereka mpaka pachigongono. Ankagwira bere, kukoka, kukoka, n'kulisiya, n'kundiyang'ana. Sankalira kwambiri, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Matewera amene ndinkachapa asanu ndi limodzi patsiku anatsika kufika atatu. Ineyo ndikaweramira beseni, dziko linkazungulira, ndipo kumeneko sikunali kuuluka ayi.

Tsiku la sikelo linafika. Apongozi anandiperekeza ku kiliniki atanyamula chikwama, ndipo ndinaona kansonga ka bulangete la mwana katatulukira pazipi. Namwino anamupachika Tadiwa, anayang'ana muvi, anayang'ana khadi, analemba kadontho pafupi ndi ka mwezi watha, osakwera, osatsika. Anandikoka chikope n'kuona mkati.

"Mai, mukudya chiyani?"

Ndinamuuza zonse, ndi za anyani zomwe. Sanaseke.

"Zipatso n'zabwino, idyani. Koma magazi ndi mkaka sizipangidwa ndi mango okha. Nyemba, mazira, mtedza, matemba, masamba, ndi nsima yathu ya sadza. Mwana akudya inuyo, ndipo inu mwatha."

Panja kombi, minibasi ya ku Chipinge, inali ikuliza hutala. Apongozi anatambasula manja kuti ndiwapatse mwana.

Pamenepo ndi pamene muyenera kundidziwa bwino. Ndinamumanga Tadiwa kumbuyo mfundo ziwiri, ndinagwada pasimenti pomwepo anthu onse a pamzere akuona, ndinati: "Amayi, mundipatse mpaka sikelo ikubwerayi. Mzere ukapanda kukwera, ndidzamukweza kombi ndekha." Anati chikwama sachimasula, chikhala pakhomo.

Munthu amene anagonjetsa nthochi ndi maso sangalephere mphika. Ndinafika kunyumba ndinadya nyemba za apongozi zonse, ndi za mbewu zomwe, ndinasinja mtedza mpaka mtondo unang'ambika, nkhuku za komboni yonse zinafola pakhomo panga kudzaikira mazira m'manja mwanga, matemba anatha pamsika wa ku Hauna sabata ziwiri, ndipo tambala wathu wofiira ndinamugwira ndekha, ndinamuuza kuti pepa, si chidani, ndi Tadiwa, n'kumudula. Mango ndinkadyabe, koma tsopano ndinkagenda ngati wina aliyense. Tsiku lachinayi mkaka unabwera mwamphamvu moti unazimitsa moto wa Mai Rudo kutsidya kwa mpanda. Musakane, Mai Rudo, munaphika kawiri tsiku limenelo.

Sikelo yotsatira kadontho kanakwera. Sikanatuluke papepala, kanangokwera pang'ono ngati chala cha mwana, koma kanakwera, ndipo apongozi anamasula chikwama chawo madzulo omwewo, bulangete n'kulibwezera pabedi langa.

Mukufunsa kuti lumbirolo ndinalisunga zaka zingati? Milungu itatu. Wachitatuwo, kunena zoona, sindiukumbuka bwino, poti mbali yaikulu ndinaithera chogona pamphasa. Koma ku Chipinge mwana wanga sanapondeko, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere amunyamule, aone ngati msana wake ulimba.