Mzee ndi Alendo Ake Anayi

Lolemba

Ndagula tinsomba tinayi ta enjelo kwa mkulu wina wobwera nato kuchokera ku Mbeya. Kalikonse ngati chikhadabo. M'thanki yathu yagalasi muli kale enjelo wamkulu ngati chikhatho, dzina lake Mzee. Amene adamusiya ndi malemu mkazi wanga, mayi a mwana wanga Lusubilo. Zaka zinayi ali yekha.

Pulani yanga:
1. Lamulungu Nyagondwe, mkazi wanga watsopano, akubweretsa ana ake awiri kuchokera ku Vinthukutu.
2. Azigona kuchipinda kwa Lusubilo. Mwanayu ali Fomu 2, ndipo chimuuzireni sanayankhe ngakhale "eya".
3. Nyagondwe akuti Lusubilo akapanda kufuna, anawo abwerera kwa agogo awo, nayenso sakhalitsa kuno.
4. Ine nkhani zotere kukamba ndi mwana wamkazi sinditha. Zikambe nsomba. Aone yekha kuti wamkulu ndi aang'ono amatha kukhala pamodzi.

Wogulitsa akuti ndiyambe ndatisunga padera. Ine ndati kwathu mlendo sasiyidwa pakhonde. Ndakhuthulira momwemo.

Lachiwiri

Mzee akuthamangitsa alendo m'mawa wonse. Onse anayi aunjikana kuseri kwa mwala. Ndikuuza Lusubilo kuti amenewa ndi malonje chabe. Wandiyang'ana, wanyamula chikwama, wapita kusukulu.

Lachitatu

Chakudya ndikumwaza mwaulemu wake: wamkulu ayambe, ana atsatire. Mzee wayamba, Mzee watsiriza. Kamodzi kayesa kuyandikira, kabwerako chipsepse chitang'ambika.

Pa chakudya chathu ndaponya mwambi, ndati mlendo ndi mame. Lusubilo, maso ali m'mbale: "Mame amauma, adada. Awo akubwera kudzakhala."

Kani wadziwa kale zimene ndikuchita. Manyazi andigwira.

Lachinayi

Atatu. Ndawerenga kasanu. Atatu! Mzee akungoyandama phee, mimba yatukuka pang'ono, nkhope ngati ya mkulu wa mpingo.

Nyagondwe waimba foni kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Ndati uli.

Lachisanu

Awiri. Kena ndakapeza kakuyandama chagada.

Basi, zandikwana. Ndatenga ndowa kuti Mzee akakhale m'menemo. Lusubilo waima pakati pa ine ndi thanki. "Ndi wa amama ameneyu. Anayamba ndi iye kukhala muno. Achokerenji iyeyo?"

Chiikireni maliro a mayi ake sindinamuonepo akulira. Lero walira.

Ndowa ndabwezera kubafa. Sabata yonse ndakhala ndikumvera chisoni tating'onoti. Sindinaganizeko n'komwe kuti zimakhala bwanji munthu uli m'nyumba mwako, wina n'kungokukhuthulira alendo osakufunsa. Zandipweteka, chifukwa wokhuthulayo ndine.

Loweruka

Pobwera kumsika ndapeza thanki yagawidwa pakati ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, chomangidwa pa timitengo tiwiri. Mzee uku, ana uko. Madzi ndi amodzi, akuonana, koma palibe woluma mnzake. Aliyense akudya.

Lusubilo: "Kodi wogulitsa uja sanakuuzeni?"

Anandiuza.

Lamulungu

Nyagondwe wafika masana pa minibasi, ana ali mbuu ndi fumbi, akubisala kumbuyo kwa mayi awo.

Kuchipinda kwa Lusubilo kwadutsa chingwe, pachingwepo chitenje cha malemu mayi ake. Mbali ina bedi lake. Mbali inayo matiresi oyalidwa bwinobwino, mapilo awiri. Limodzi ndalizindikira, ndi la Lusubilo.

Nyagondwe waima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana chitenjecho. Ndafunsa Lusubilo motsitsa mawu kuti chichoka liti.

"Tikazolowerana, adada. Musachikhudze."

Nyagondwe wamva. Wawerama, wanyamula chikwama cha ana, walowetsa.

Ine ndimafuna banja lopanda chotchinga. Ndapeza lokhala nacho, ndipo nsomba ziwiri zafera phunziro limene limayenera ine. Chitenjecho sindichikhudza.