Chimbale Changa pa Galamafoni ya Atcheya

Mpaka lero, ndikangoyamba kukamba za nyimbo, amayi a kunyumba amadzuka mwakachetechete n'kupita kukatseka windo. Adzukulu amayesa kuti agogo awo akuopa udzudzu. Ine ndimadziwa chifukwa chake, ndipo sindiwaletsa, poti pakamwa pangapa panatsala pang'ono kundipititsa kumene anthu ankapita osatsanzika.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndinkagwira ukalaliki pa nyumba ina yosungira katundu ku Ginnery Corner, tikukhala ku Chitawira ine, mkazi wanga ndi mwana wathu woyamba, Roza, adakali wa kumsana. Alamu anga a Bizeki ankaphikira mzungu wina ku Namiwawa. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira tinthu tambirimbiri, ndipo pakati pake panali chimbale chachikulu cha magitala a kunja. Alamu analibe galamafoni, ine ndinali nayo, basi chimbale chinabwera kwathu.

Pachikuto pake panali amuna anayi, tsitsi mpaka m'mapewa, mathalauza otambalala kumapazi. Nthawi imeneyo tsitsi lotere unali mlandu, mathalauza oterewo unalinso mlandu. Amayi a Roza anachiyang'ana kamodzi kokha, n'kusolola chimbalecho, chikuto n'kukolezera mbaula. (Tinaphikira nyemba. Kunena zoona sindinawakhululukire kwenikweni.)

Koma chimbalecho, abale inu. Sichinajambulidwe m'chipinda ayi, anachijambula pabwalo lalikulu anthu atadzaza thothotho. Ukaika singano nyimbo sinkayamba msanga. Umayamba wamva khamu likuwuma, malikhweru, kuomba m'manja, ngati mvula ikutsika ku Soche. Kenaka munthu wa mawu okhuthala ankakuwa m'Chingerezi, khamu n'kuyankha, iye n'kukuwanso, khamu n'kuyankha mokweza kuposa poyamba. Zikatero ng'oma zinkalowa, gitala n'kubwera pambuyo, ndipo ine ubweya unkaima pamkono.

Ndinali ndi maganizo pa chilichonse. Mbali yoyamba ya chimbalecho inkaposa yachiwiri, zimenezo sindinkafuna ndi kutsutsana komwe. Wa ng'oma anali katswiri koma wosadziwa polekera: pali pena pamene anzake amamusiya akugogoda yekha nthawi yaitali, ndipo ine ndinkati anzakewo anapita kukadya. Wa gitala wa mawu apansi ndiye ankasenza gulu lonse, koma palibe ankamuyamika. Mawu a nyimbozo ndinkamvapo theka lokha (Chingerezi changa chinali cha m'malisiti), koma zimenezo sizinandiletse kufotokozera anthu tanthauzo lake.

Vuto la maganizo ndi loti amafuna munthu woti awamve. Amayi a Roza ankati ndi phokoso la anthu ozungulira mutu. Anzanga a kuntchito anali a rumba. Ndiye Lamulungu lina masana, titaweruka ku tchalitchi, ndinaitana aneba athu a Zuze, telala wa pakhonde ku Limbe, munthu wofatsa amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Ndinawakhazika pampando, ndinawapatsa tiyi, n'kuyamba kuwaphunzitsa. Ndinawaonetsa kachitsulo ka pambali pa galamafoni kosinthira liwiro.

"Zimbale zing'onozing'ono zimene mumazidziwa inu zimazungulira pa 45," ndinatero. "Chachikulu chonchi chimafuna 33. Mukalakwitsa pamenepa mwaononga zonse."

A Zuze anagwedeza mutu. Ndinaika singano, khamu linawuma, ine n'kukweza mpaka tebulo kunjenjemera. Mtima utadzaza, ndinaloza galamafoni ndi chala.

"A Zuze, tamverani anthuwo. Palibe munthu pa dziko lapansi pano amene anaomberedwapo m'manja chonchi. Palibe ndithu. Ndiponso awa sanawatenge pa malole, anabwera okha."

Nditangotseka pakamwa, mawu anga omwe anandibwerera m'makutu. Dziko lathu linali ndi munthu mmodzi yekha woomberedwa m'manja, ndipo tonse tinkadziwa mmene tinkafikira ku bwalo la masewero tsiku la msonkhano wake. Amayi a Roza anali pakhomo la kukhitchini, mbale ili m'manja, osasuntha. Windo linali lotsegula. A Zuze anayang'ana m'kapu mwawo, anati, "Nyimbo zabwino," n'kutsanzika tiyi asanathe.

Pakati pa sabata kunafika achinyamata awiri a chipani, ovala malaya ofiira. Anayamba aona makhadi athu a chipani, langa, la amayi, ngakhale la Roza amene anali asanamere ndi dzino lomwe. Kenaka wamtaliyo anati, "Atcheya akuti Loweruka masana mubwere kunyumba kwawo. Mutenge chimbale cha msonkhano chija."

"Cha msonkhano?"

"Mukuchidziwa, bambo."

Nkhani inali itafika kale kuntchito, sindikudziwa kuti inayenda bwanji, ndipo pa nthawi ya tiyi benchi limene ndinkakhala linali langa ndekha. Alamu a Bizeki anabwera mothamanga, osakhala pansi, kudzangonena kuti dzina lawo lisatuluke. Amayi a Roza ankati tichiphwanye tikachitaye m'chimbudzi. Ine ndinati tikatero adzati tabisa umboni. (Zinali zoona, komanso sindikanatha kuchiphwanya. Chifukwa chachiwirichi sindinawauze.)

Loweruka litakwana, amayi anandiveka malaya awiri ndi juzi pamwamba, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo.

"Akakutengani sadzakulolani kubwera kudzatenga zovala," anatero, osandiyang'ana kumaso. Anabereka Roza n'kunditsatira. Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni.

Pakhonde la atcheya a nthambi yathu, a Thawani, panali atcheyawo, amayi awiri a chipani, achinyamata aja, ndi a Zuze atakhala pakona manja ali pakati pa mawondo. Panalinso bambo wina wa jekete lotuwa amene palibe anamutchula dzina. Pamsewu panali pataima galimoto imene sinali ya munthu aliyense wa m'dera lathu, dalaivala ali momwemo.

"Bambo a Roza," anayamba atcheya, "tamva kuti kwanu kuli chimbale cha msonkhano wa kunja. Munthu akulankhula, anthu akukuwa. Tamvanso kuti inu mukuti munthu ameneyo amaomberedwa m'manja kuposa aliyense." Anaima pang'ono. "Aliyense?"

"Ndi nyimbo chabe, atcheya."

"Ngati ndi nyimbo, chikuto chake chili kuti?"

"Tinaphikira nyemba."

Palibe anaseka. Ndinkadikira kuti atchule za malole, thukuta likuyenderera mkati mwa malaya onse awiri, koma za malole sizinatuluke. Ndinasuzumira a Zuze. Maso awo anali pa simenti.

"Tichimve tokha," anatero atcheya. Mkazi wawo anatulutsa galamafoni yawo n'kuiika pa tebulo. "A Zuze, inu munaona mmene amaikira. Ikani."

Ndinadziwa kuti kwatha. Khamu lija likawuma pakhonde pamenepo, munthu wa mawu okhuthala uja n'kukuwa, khamu n'kumuyankha, ndani akanakhulupirira kuti si msonkhano? A Zuze anaika chimbale. Ndinaona kuti kachitsulo kaja kali pa 45, pamene kankakhala masiku onse chifukwa cha zimbale zing'onozing'ono za atcheya. Chala cha a Zuze chinafika pa kachitsuloko, chinakhalapo kanthawi, kenaka chinachokapo osasuntha kanthu. Anatsitsa singano.

Chimene chinatuluka sindidzachiiwala. Khamu langa lalikulu lija linamveka ngati mafuta akuthetheka m'chiwaya. Munthu wa mawu okhuthala uja anakuwa ndi kamawu ka mwana wotsinidwa mphuno, ndipo timawu tina tambirimbiri tinamuyankha mothamanga. Ng'oma zinkapikisana zokha. Mmodzi wa amayi a chipani anayesa kudzigwira, analephera, anaphulika kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Mnzake anatsatira, achinyamata aja nawonso.

"Munthu wanu uja ndi ameneyu?" anafunsa atcheya akuseka. "Kodi ndi mwamuna kapena ndi mwana?"

Ngakhale bambo wa jekete uja pakamwa pake panasuntha pang'ono. Ndinali nditapulumuka. Chimene chinatsala chinali kukhala chete basi, ntchito imene ngakhale Roza akanaitha.

Koma kenaka panafika malo aja a mbali yoyamba pamene gitala amalira yekha, malo amene ndinkawakonda kuposa china chilichonse, ndipo anadutsa mothamanga ngati udzudzu m'khutu. Atcheya anapukusa mutu.

"Azunguwa gitala sadziwa. Mwana wa sukulu wa gitala wa chigubu angamupose ameneyu."

Ndinapsa mtima, ndikuvomera. Ndinaiwala galimoto, ndinaiwala juzi. Ndinangoona dzanja langa likunyamuka lokha kuloza galamafoni, pakamwa n'kutseguka.

"Pepani atcheya, koma kachitsulo ako..."

Roza analira mwadzidzidzi, kulira kwa mwana amene wamva kuwawa. (Mayi ake anamutsina pantchafu. Anaulula patapita zaka, ndipo anati akanakhala pafupi ndi ine akanatsina ineyo ndi pulayala.) Kulirako kunandibweza. Dzanja langa linatsala m'malere, a Zuze atatseka maso.

Bambo wa jekete analankhula koyamba, mofatsa kwambiri. "Kachitsulo katani, bambo? Malizani."

Kamawu kaja kanali kakuimbabe.

"Ndimati... kachitsulo ka galamafoni ya atcheya n'kabwino, bwana. Ikutulutsa mawu bwino kuposa yanga."

"Ndiye woimba uyu mumamutama kwambiri?"

"Ayi bwana. Sadziwa kuimba."

"Nanga anthu akumuombera m'manjawo?"

"Ndi ochepa, bwana. Ndi oledzera. Ngakhale ine tsiku limenelo ndinali nditamwa."

Ndinali nditamwa tiyi. Koma ndinapitiriza ndekha osafunsidwa: wa ng'oma ndinamunyoza, wa gitala ndinamunyoza, ngakhale wa mawu apansi uja, amene ndinkamumenyera nkhondo tsiku ndi tsiku, ndinati angobwerera kumudzi akalime. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana juzi langa, kenaka anadzuka, anagwirana chanza ndi atcheya n'kupita. Galimoto italira n'kukhota pakona, ndinakhala pansi pa simenti.

"Chimbalechi chitsala kuno," anatero atcheya, "chisasokoneze anthu ena."

Madzulo ake a Zuze anaima kuseri kwa mpanda wathu n'kulankhula motsitsa. "Windo linali lotsegula, aneba. Ndikanakhala chete, wina akanakanena, ndiye akanati tinali limodzi. Ine mukudziwa kumene makolo anga anachokera." Ndinali nditakwiya, komanso ndinkadziwa kuti za malole anazimeza, ndipo kachitsulo anakasiya dala.

Chilango changa chenicheni chinayamba sabata yotsatira. Loweruka lililonse masana atcheya ankatulutsa galamafoni pakhonde n'kuika chimbale changa, pa 45. Ana a m'dera lonse ankasonkhana kuvina, poti pa liwiro limenelo chinkavinika. Ine ndinkadutsa pamsewu mano nditaluma. Atcheya ankandikuwira, "Bambo a Roza, chikumveka bwanji?" Ine ndinkavula chipewa n'kuti, "Bwino kwambiri, atcheya." Ndinayankha choncho zaka ndi zaka.

Zipani zitachuluka, zinthu zitasintha, ndinakumana nawo a Thawani pa siteji ya minibasi ku Limbe, atakalamba, ali ndi ndodo, utcheya utatha kalekale. Tinapatsana moni, tinafunsana za ana. Kenaka ndinayang'ana uku ndi uku (chizolowezi sichitha msanga) n'kunena mawu amene ndinawasunga nthawi yonseyo.

"Atcheya, kachitsulo kaja kamayenera kukhala pa 33."

Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mwana amene wabwera kudzakuuza kuti moto umawotcha.

"Ndinkadziwa, bambo a Roza. Galamafoni inali yanga. Mumafuna mukwere galimoto ija?"

"Nanga Loweruka lililonse lija?"

"Nditaseka pamaso pa bambo wa jekete uja, ndikanasintha bwanji? Pa 33 ndinkamvera ndekha m'nyumba, mawindo nditatseka." Anatsamira ndodo yawo. "Ndi chimbale chabwino. Koma mbali yachiwiri ikuposa yoyamba."

Munthu ameneyu anapulumutsa moyo wanga, ndipo choyenera chinali kugwira dzanja lake ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndinathokoza ndithu, koma pambuyo pake. Choyamba ndinawauza kuti akunama, kuti mbali yachiwiri theka lake ndi wa ng'oma uja akugogoda yekha, ndipo tinatsutsana pasiteji pomwepo, anthu akutiyang'ana, mpaka minibasi ya ku Chitawira inadzaza n'kutisiya.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera amayi a Roza zonse, mawu ali pamwamba. Anandimvetsera mpaka pamene ndinafika pa nkhani ya mbali yachiwiri, kenaka anadzuka n'kukatseka windo.