Manda Amene Alamu Anga Anabzala

Anthu ena akamva kuti mnzawo wadwala amanyamula phala, ena kolona. Alamu anga a Aroni ankanyamula nthochi ndi pempho limodzi: kuti wodwalayo, ngati zitavuta, alole kuikidwa konkuno ku Kamphepo. Anthu amaseka mpaka lero akawakumbukira, ndipo amene amaseka kwambiri ndi omwe anadya nthochizo.

Kamphepo ndi nyumba zochepa pamsana pa phiri, pamene a ku Dowa amati ndife a Ntchisi, a ku Ntchisi n'kumati ndife a Dowa. Tonse tinabwera ngati matenanti pa esiteti ya fodya. Esiteti inatseka, mwini wake anapita, ife tinatsala ndi mbuzi zathu ndi ana obadwira pompano. Mfumu tilibe, chikwangwani tilibe, manda tinalibenso. Munthu akamwalira ankamukweza pangolo kapena palole kumubweza kwawo, ngati khasu lobwereka.

Zimenezi zinkawadya mumtima a Aroni.

"Timabereka pano, timalima pano, tikangotsinzina basi atithamangitsa," ankatero. "Kodi utenanti umenewu sudzatha? Tikaika mmodzi yekha, malo ano asanduka mudzi."

Ndiye anayamba ndi mitengo, chifukwa manda opanda msitu palibe angawalemekeze. Phiri lonse linali mbee, mitengo inathera m'zigafa za fodya. Iwo anabzala mbawa, misuku ndi mithethe. Bambo wamkulu, wandevu zake, kusenza ndowa kuchokera kudambo, kukangana ndi mbuzi iliyonse poitchula dzina la mwini wake. Zaka zinapita, msitu unakula, mthunzi unachita bii. Chinatsala ndi munthu woyambirira.

A Alexio okhoma zidebe atagwa ndi malungo, alamu anga anafika atavala jekete yakutchalitchi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Pang'ono. Mutu ndiwo ukung'amba."

"Pepani, muchira ndithu. Koma tiyerekeze kuti simunachire."

"Tiyerekezerenji?"

"Pali malo pansi pa mbawa yakumtunda ija. Madzi sadikha. Kukacha bwino mumaona mpaka ku Ntchisi Boma."

"Ndizikaona ndi maso ati?"

"Kwanu kuja n'kudambo, achimwene. Mukazizidwa."

A Alexio anadzambatuka pamphasa n'kuwathamangitsa mpaka pamjigo, malungo n'kuthera pomwepo. Alamu anga anakhala akunena kuti anachiritsa munthu, koma zikomo sanamumve.

Amene anavomera ndi gogo Lenia okha. Iwowa ankadwala chaka chilichonse nkhokwe zikangoyamba kulira. Akatsokomola pang'ono, uthenga wapita kale kwa a Aroni.

"Ulendo uno ndikupita ndithu, mwananga. Malo anga aja alipo?"

"Ndasesa dzulo, agogo."

"Wachita bwino. Koma mtima ukufuna kamsuzi ka nkhuku. Munthu sangayende ulendo wotere ndi chigwada."

A Aroni kuthamangira kukhola la akazi awo, achemwali anga a Sabina. Khola lija linatha psiti, gogo akunenepa. Kenako anapita kukacheza kwa mwana wawo wogulitsa tomato ku Dzaleka, n'kumwalirira komweko, n'kukaikidwa kwawo. Pamaliro amenewo alamu anga analira kuposa achibale.

"Munthu wosakhulupirika," ankang'ung'udza pobwerera. "Imfa yake kuchita kuithawitsa dzuwa likuswa mtengo, nkhuku zanga zili m'mimba."

Ena anayamba kunong'onezana kuti a Aroni ndi mfiti. Apa ndiye ndimapsa mtima mpaka lero. Mfiti yanji yobwera dzuwa likuwala, kuodira pakhomo, n'kuchapira wodwala zofunda? Ndi mwana wa ndani pano amene sanakwezedwepo panjinga yawo kupita kuchipatala, matope ali m'mawondo? A Sabina anapita okha pamjigo, n'kuuza amene anayambitsa mawuwo kuti aimirire amuone. Aliyense anatanganidwa ndi ndowa yake.

Tsiku lina pabawo wina anafunsa alamu anga kuti bwanji osayamba iwowo.

"Ndidzayamba," anayankha. "Ndimangofuna kupereka ulemu kwa akuluakulu. Koma poti nonse mukukana, ndidzakutsegulirani njira."

Chaka chatha, chimanga chikumasula, anagona osadzukanso. Anali atauza akazi awo, ana awo ndi akhristu anzawo onse a Mphakati za mbawa imene anasankha. Adzukulu okumba manda anali atatulutsa kale makasu. Ndiye kunatulukira lole yochokera ku Bowe, kwawo kwa malemu, kutsogolo kutakhala Gregorio, mwana wa mlongo wawo, amene phiri lino analiona koyamba tsiku limenelo.

"Mayi, tabwera kudzatenga amalume."

"Anati agona kuno," anatero a Sabina.

"Kuno n'kuti? Pali mudzi pano? Amalume asagone okha m'tchire ngati nyama. Kuno anangobwera ndi ntchito, eni ake ndife."

"Eni ake munali kuti akutsokomola? Mitengo iyo anabzala ndi manja awo."

"Mwambo sitinayambe ife, mayi."

Achemwali anga anayang'ana amuna a pa Kamphepo. Akanangoimirira n'kunena kuti munthuyu ndi wathu, lole ikanabwerera yopanda kanthu. Koma onse anazyolika. A Alexio ankayang'anitsitsa nsapato zawo ngati azigula kumene. Aliyense ankaganiza za ana a alongo ake amene adzabwere ndi lole tsiku lake. Ine ndi a Sabina tinakakhala pansi kutsogolo kwa matayala, azimayi awiri a zidzukulu, ndipo anatinyamula n'kutiika pambali ngati matumba a fetereza. Lole inatsetsereka pang'onopang'ono m'mbali mwa msitu uja, nthambi zikukwapula bokosi.

Msituwo ulipo, ndipo simunagone munthu. Koma nkhuni palibe amatolamo. Azimayi akamadutsa amadula nkhani, amuna amavula zipewa osadziwa kuti akuvulira ndani. Masuku amagwa n'kuwolera pansi, ana amangowayang'ana.

Mwezi wathawu a Sabina anagwidwa ndi chibayo. Anthu anabwera ambiri, aulemu wawo, aliyense kunena kuti mupeza bwino, n'kumapita. Atayamba kudya ndinawapeza akulira, n'kuwafunsa chimene chinkawaliritsa, poti kutentha thupi kunali kutatha.

"Anthu onse aja," anatero, "palibe ndi mmodzi yemwe amene wandipempha kuti ndikhale konkuno."