Tsabola wa a Kapalamula

Mwambi uwu, adzukulu anga, unayamba motere. Kale mchere sunali wa m'sitolo ngati lero. Amayi ankakanda dothi la m'dambo, kulitcheza ndi madzi, n'kuphika mpaka mcherewo uume mumphika. Chikho chimodzi munkasinthanitsa ndi khasu. Mlendo akamuthirira kamchere m'ndiwo ankadziwa kuti pano amukonda.

Pamudzi pathu panali a Kapalamula, munthu waumbombo. Mwana wawo Mwatitha ndiye anali katswiri wotcheza mchere, ndipo bambowo sankafuna mkamwini woti azidzadya nawo.

Chaka china kunadutsa amalonda ochokera kunyanja yamchere, atanyamula nsalu, mikanda ndi timbewu takuda totchedwa tsabola. A Kapalamula analawa kamodzi, misozi chuchuchu! Anapereka mchere dengu lonse, natenga tsabolayo, namusinja.

"Wofuna mwana wanga," analengeza, "adye ndiwo za tsabola uyu osagwetsa msozi."

Anyamata anabwera. Wina anathamangira kumtsinje kukamwa kuli yasa. Wina anayetsemula mpaka mkanda wa m'khosi kuduka. Mbiri inafalikira, ndipo anyamata anasiya kubwera. A Kapalamula anaika tsabolayo m'chiguli, chikho chosatseka, nachipachika kudenga pamwamba pa moto.

Mvula zinagwa, zinagwanso. Anzake a Mwatitha anabereka ana, iye akungotcheza mchere.

"Abambo ake Mwatitha," anadandaula akazi awo, "mwanayu akalambira pakhomo pano?"

"Si ine, ndi tsabola," anayankha akuseka.

Kenaka kunabwera Kamphonje, wosula makasu wa kutsidya, amene Mwatitha ankamukonda. A Kapalamula anaitana mudzi wonse kuti udzaone mwamuna akulira. Anatsitsa chiguli chakuda ndi mwaye, nakhuthulira tsabola yense m'nkhwani.

Kamphonje anatapa. Anatafuna. Anatapanso, mpaka ananyambita mbale.

"Zikomo ndiwo, bambo," anatero mwaulemu. "Nanga tsabola uja abwera nthawi yanji?"

Anthu anaphulika nako kuseka.

"Wabisa misozi ameneyu!" anakuwa a Kapalamula. Anapisa chala m'chiguli, nanyambita. Anadikira. Ananyambitanso. Kukamwa kunangomveka utsi ndi fumbi.

"Komatu ankawawa! Funsani aliyense, ankawawa!"

"Ankawawadi," anavomera akazi awo, "nthawi imene inu munali ndi tsitsi lakuda."

Kamphonje analowa chikamwini mwezi womwewo, ndipo anali munthu wokonda mchere kwabasi. A Kapalamula ankangoyang'ana dzanja lake likupita kuchikho cha mchere. Anakalamba akufotokozera aliyense wodutsa za anyamata amene analira pakhomo pawo.

Ine ndemwe ndimausowa mchere wa m'dambo uja, kukoma kwake simungakudziwe. Koma mukamva nkhalamba ikukuopsezani ndi mphamvu zake zadzana, muzikumbukira mawu amene akazi a Kapalamula ananena potola chiguli chija: "Tsabola wakale sawawa."