Mzere umodzi womwe unadya mafaelo a Natasha

Ndivomere msanga: ndinayambitsa ndine. Sanali magetsi, sinali kompyuta yokalamba ya pasukulu pathu ku Kanyama. Ndine, ndi zala ziwiri zokha.

Tinali mu giredi 11, mu kalabu ya sayansi. Natasha, mtsikana wanzeru zoopsa wa m'kalasi mwathu, ankakonzekera mpikisano wa masukulu. Ankayeza momwe madzi amakwerera m'zitsime zisanu za m'komboni nthawi ya mvula. M'mawa uliwonse ankazungulira ndi ndodo yoyezera, masana n'kukalowetsa manambala mu kompyuta. Aphunzitsi athu, ba Tembo, anamulembera sikiripiti, timizere ta malamulo touza pulogalamu ya masamu zochita: tenga manambala, werengera, sunga mu faelo. Faelo iliyonse dzina lake linali deti la tsikulo.

Ine ntchito yanga mu kalabumo inali kukhala pafupi ndi fani.

Tsiku lina Natasha atatuluka kukamwa madzi, ndinasuzumira mu sikiripiti muja. Zambiri sindinamve, koma mzere wosungira ndinauzindikira. Ndinafufuta pa deti paja n'kulembapo "Kambuzi_ni_ngwazi". (Kambuzi ndine. Dzinali linabwera chifukwa cholumpha mpanda wa sukulu, koma imeneyo ndi nkhani ina.) M'mutu mwanga ndinkaona Natasha akutsegula foda n'kupeza mndandanda wa mafaelo, onse akunditamanda.

Koma mtsikana uja foda sankatsegula. Ankangodina, kompyuta ikati yasunga, iye n'kunyamula chikwama. Tsiku loyamba, zii. Sabata yoyamba, zii. Ndinkachita kumuzungulira ngati ntchentche, kudikira kuseka kwanga, mpaka ndinatopa n'kuiwala.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti mafaelo awiri a dzina limodzi sakhalira pamodzi mu foda. Ya lero inkagona pa ya dzulo n'kuifufutiratu. Zinatero masabata atatu athunthu.

Kutatsala masiku awiri kuti mpikisano uchitike, ba Tembo anati, "Natasha, leta mafaelo yonse tipange girafu ya manambala yako."

Foda inatseguka. Munali mafaelo anayi akale a madeti, ndi imodzi yanga ija, itakhala payokha ngati mlendo pa ukwati.

"Ba Sir, vinthu vanga vili kuti?" anafunsa Natasha.

Ba Tembo anavala magalasi, n'kuwerenga dzina la faelo mokweza, pang'onopang'ono. Mitu yonse inatembenukira ku fani.

"Mwina ni vayirasi, ba Sir," ndinatero.

"Vayirasi yamene iziba zina yako?" anafunsa ba Tembo.

Anyamata anagwa ndi phwete. Natasha sanaseke, sanalirenso. Anangobwera pafupi.

"Iwe Kambuzi, uziba matope yamene nayendamo? Uziba imbwa ya pa chitsime cha namba fo? Kabili yanipilikisa!"

Apa pokha mtima unandigunda pang'ono. (Pang'ono, ndatero.) Mwayi wake, manambala ankayamba wawalemba m'kabuku asanafike ku kompyuta. Kabukuko kanali katanyowapo kangapo, inki itayenderera, moti seveni ndi wanu zinkafanana ngati mapasa.

Ba Tembo anakonza mzere uja m'kuphethira kwa diso, kenaka anagamula mlandu. Ndilowetse manambala onse a masabata atatu, tsiku ndi tsiku, Natasha akuwerenga. Ndikalakwitsa, tiyambirenso tsikulo. Tinakhala masana awiri, iye akundikodola ndi pensulo pakhosi nthawi iliyonse ndikayasamula. Girafu inatuluka, Natasha anapita ku mpikisano n'kubwerako ndi satifiketi.

Chilango chachiwiri chinali kumunyamulira ndodo m'mawa uliwonse mpaka mvula ithe. Ba Tembo ankaganiza kuti ndilira. Ine ndinkalowa m'kalasi piriyodi yoyamba itatha, matope mpaka m'mawondo, chilolezo chofika mochedwa chili m'thumba, anzanga atatuwa mbuu ndi masamu. Galu uja anandithamangitsa kamodzi kokha, kenaka tinagwirizana pa nkhani ya vitumbuwa.

Ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndi aka: ukafuna kulemba dzina lako pa faelo ya munthu, deti lisiye pomwepo, dzinalo ungowonjezera kumapeto.