A Reinford ndi Maswitchi Awo Odwaladwala

Pa esiteti yathu ya tiyi panalibe amene sankadziwa kuti a Reinford ankayeza makina kutentha thupi ngati ana. Ine ndine Phyllis, mkazi wawo, namwino wa pakiliniki ya esiteti yomweyo, ndipo sindibisa: makinawo ndinkawachitira nsanje.

Anali maswitchi awiri, timabokosi ta nyale zophethiraphethira, tolumikiza makompyuta ndi kosungira zonse za kampani, mpaka makilo a tiyi amene wothyola aliyense wakweza pa sikelo. Ntchito ya amuna anga inali kuwaikira malamulo: kutentha kukafika apa, lira, fani ikafooka, tumiza uthenga ku foni ya Reinford. Ankati malamulowo alipo a mitundu itatu: ofatsa, apakati ndi aukali. Iwo anasankha aukali, n'kuwanolanso. Switchi ikangoyetsemula, foni inkanjenjemera m'thumba.

Timabokosito tinali ndi chipinda chakechake chozizira, ife ku kiliniki tikukupiza odwala ndi chikatoni.

Sabata lina abusa ali pakati pa pemphero, foni inayamba zake. A Reinford anatsegula diso limodzi.

"Khalani pansi, bambo a Triza," ndinawatsina.

"Wachiwiri uja watentha thupi."

"Ali ndi amayi ake mwanayo?"

Anatuluka monyang'ama, Baibulo kukhwapa. Pa ukwati wa Triza wathu ku Goliati anachitanso zomwezo. Chithunzi chilipo, tonse tikumwetulira, bambo a mkwatibwi aweramira foni.

Tsiku limene malungo anandigwetsa ine, anandigwira pachipumi ndi chala chimodzi n'kuti sindinadutse malire.

"Kodi ineyo munandiikira malamulo ati?" ndinafunsa.

"Ofatsa, mayi a Triza. Inu mumadzichiza nokha."

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandidya mtima chinali BP yawo. Munthu ankadandaula mutu, khosi likuuma, koma ndikabwera ndi choyezera kunyumba ankabisa mkono kumbuyo ngati mwana woba shuga.

"Ine alamu sinalire, ndiye kuti ndili bwino."

"Alamu yanu ndine."

"Inu mumalira pa chilichonse."

"Nanga maswitchi anuwo?"

"Aja amalira ndi umboni."

Ndinkaseka, nanga ndikanatani. Kenako ndinkalowa kukhitchini kukakwiya ndekha.

A Reinford anagwa osadzukanso chaka chatha, nthawi ya chiperoni, m'chipinda chozizira chomwe chija. Akuti nyale zonse zinali zobiriwira, makina ali bwinobwino. Palibe chimene chinatumiza uthenga kwa ine.

Pano ku tchalitchi pemphero limatha aliyense ali pamalo pake, ndipo anthu amati sizikukoma. Foni yawo ndinaisunga, ndimaitchaja. Mauthenga ankabwerabe, koma anayamba kuchepa.

Mwezi watha a Justice, amene analowa m'malo mwawo, anandipeza pakiliniki, chipewa m'manja.

"Mayi, pepani, nambala ya malemu ikadali m'malamulo. Tiichotse, isamakuvutitseni."

Zaka zonse zija ndinkapempha chinthu chomwechi.

"Isiyeni," ndinatero. "Nanga bwanji masiku ano maswitchi aja sakulira kawirikawiri?"

"Ndinawaikira ofatsa, mayi. Aukali aja ankasokosa."

Ndinawakoka mkono, n'kuwakulunga choyezera asanakane.

"Mukachoka pano mukabwezere aukaliwo. Kunyumba kwangoti zii."