Dzina la Tiyamike Linali Pamapeto

Ndisanayambe, ndikonze kaye zimene anthu akhala akunena pa Chezi ndi m'midzi yozungulira. Si zoona kuti ndinagwira mlendo pakhosi. Si zoonanso kuti ndinali nditalawa kachasu. Mowa ndinausiya kalekale, ndipo tsikulo linali Lamulungu, Misa itangotha. Amene akunena kuti ndinalira pamaso pa anthu akuwonjeza (ndinali ndi chimfine). Chimene ndinachita ndi choipa kale pachokha, sichifunika zokometsera.

Ndinaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu m'sukulu za pulayimale za ku Dowa ndi ku Ntchisi. Pa ntchito zonse za mphunzitsi wamkulu, imene ndinkaikonda kwambiri inali ya tsiku lotsekera sukulu: kuima pansi pa mtengo, makolo atakhala m'mbali, n'kuwerenga zotsatira za mayeso kuyambira nambala wani kufikira womaliza. Woyamba ankamuwombera m'manja. Womaliza ankathawira kuseri kwa kalasi. Moyo wanga wonse, mndandanda wa mayina unali ndi tanthauzo limodzi lokha.

Tiyamike ndi mwana wa mlongo wanga Nabanda, ndiye kuti ine ndine atsibweni ake. Anali wanzeru kuyambira ali wamng'ono, ndipo lero ndi dokotala mumzinda. Kuwonjezera pa kuona odwala, amafufuza njira zochizira khansa ya khomo la chiberekero, ndipo zimene wapeza amazilemba m'mapepala amene akatswiri anzake amawerenga. Anatumiza uthenga wakuti abwera kumudzi ndi namwino, adzalankhule ndi amayi ku tchalitchi chathu chaching'ono, kenako adzawayeze amene afuna. Kuno amayi ambiri amaopa kuyezedwa kumeneku, ndipo ena amafika kuchipatala matenda atakula kale. Tiyamike ankakhulupirira kuti mwana wa pamudzi pomwepo adzamumvera.

Kutatsala masabata awiri, Nabanda anafika kwanga ndi foni m'manja.

"Achimwene, mundiwerengere izi. Akuti ndi ntchito zonse za mwana wanu uja, aziika pa intaneti."

Ndinavala magalasi. Linali tsamba lalitali. Pamzere uliwonse panali mutu wa pepala, pansi pake mayina a olemba, ndipo kumanja kwake nambala. Mitu ya mapepalayo sindinaimve bwinobwino (Chingerezi cha madokotala ndi china), koma mayina ndi manambala ndi zimene ndinakaliramo. Ndinamuuza Nabanda kuti asiye foniyo, abwere mawa.

Ndinatenga kope latsopano ndi rula, n'kukopera zonse motsatira zaka. Nditamaliza, ndinawerenganso kuyambira pamwamba. M'mapepala akale, dzina la Tiyamike linali loyamba, ndipo manambala a kumanja anali aakulu. M'zaka zapakati, dzinalo linatsika, lachiwiri, lachitatu. M'mapepala a posachedwa, linali pamapeto penipeni, pambuyo pa anthu asanu ndi awiri, ndipo manambala anali atachepa mochititsa manyazi. Pepala la chaka chomwecho linali ndi ziro. Ine ndaona malipoti a ana ambiri, ndipo mwana amene akulowa pansi ndimamudziwa. Ndinaonanso kuti dzina limodzi, Chisomo, linali loyamba katatu kotsatizana.

Munthu wanzeru akanaimba foni n'kufunsa. Ine ndinaganiza kuti kufunsa kungamuchititse manyazi mwanayo (komanso, ndivomere, sindinazolowere kufunsa ana amene ndinawaphunzitsa kugwira pensulo).

"Mlongo wanga," ndinatero m'mawa mwake, "khala pansi. Mwana wathu zinthu sizikumuyendera."

"Akudwala?"

"Ayi. Watsika. Anali nambala wani, tsopano ndi womaliza. Malikisi ake ndi awa."

Nabanda anayang'ana kopelo nthawi yaitali, ngakhale kuti sawerenga bwino.

"Nanga bwanji anandigulira malata chaka chathachi?"

"Ana amabisa," ndinayankha, ndi mawu a munthu wodziwa.

Ndinamupempha kuti asauze aliyense. Iye anangouza amayi a kumphakati, kagulu kathu ka mapemphero, kuti amuthandize kupemphera, ndipo pofika Loweruka nkhaniyo inali itafika pachigayo.

Lamulungu lija bambo mfumu anabwera kudzachita Misa kwathu, tchalitchi chinadzaza. Tiyamike anafika ndi namwino, komanso ndi mtsikana wina wowonda, waulemu, amene anandigwadira popereka moni.

"Atsibweni, awa ndi a Chisomo. Timagwira limodzi ntchito."

Ndinamuyang'ana mtsikanayo pamwamba pa magalasi. Ndiye ameneyu, ndinatero mumtima.

Misa itatha, anthu anakhala panja pamthunzi, ndipo ine ndinaitanidwa, n'kupatsidwa chimkuzamawu, kuti ndilandire alendo m'malo mwa banja. Mawu olandirira ndinali nditalemba kale, masamba awiri, opanda cholakwika chilichonse. Akanakhala amenewo bwenzi sindikulemba izi. Koma nditaima, n'kuona anthu atakhala m'mbali ngati kale, mzimu wa uphunzitsi unandibwerera. Ndinaganiza kuti popeza nkhani yawanda kale, ndi bwino ndimuteteze mwana wathu poyera. Ndinatulutsa kope lija.

Ndinayamba bwino. Ndinafotokoza za zaka zimene Tiyamike ankatsogolera anzake, ndipo amayi analuluta. Kenako ndinawerenga mayina a pepala lomaliza, limodzilimodzi, ndikupumira pakati monga ndinkachitira kusukulu. Nditafika pa dzina lake, ndinatsitsa mawu.

"Abale anga, mwana akatsika sitimutaya. Timafufuza chimene chamutsitsa." Apa ndinatembenukira kwa mlendo uja. "Inu a Chisomo, mwabwera dzulodzuloli. Amene anakulandirani pantchito ndi ameneyu. Kodi n'chilungamo kuti lero dzina lanu likhale pamwamba, lake pansi? Makolo anu anakuphunzitsani chotero?"

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. Namwino anaphimba pakamwa ndi chitenje. Tiyamike anaimirira pang'onopang'ono, nadza pafupi nane, n'kulankhula motsitsa kuti anthu asamve. Tsoka lake, chimkuzamawu chinali chikadali m'manja mwanga.

"Atsibweni, lero pa mdipiti wolowa m'tchalitchi, anali patsogolo ndani?"

"Wonyamula mtanda."

"Nanga bambo mfumu anali pati?"

Anali pamapeto. Mdipiti umenewo ndauona Lamulungu lililonse kwa zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Kwa ife n'chimodzimodzi," anapitiriza. "Woyamba ndi amene wagwira ntchito yambiri ndi manja ake. Womaliza ndi amene akutsogolera kafukufuku yense. Chisomo ndi wophunzira wanga, ndinamuika ndine pamenepo, ndipo anayenera. Kuti dzina langa lifike pamapeto, ndavutika zaka zambiri."

"Nanga malikisiwa?" ndinafunsa, ndikuloza m'kope, pofuna kupulumutsako kanthu.

"Si malikisi. Nambala imeneyo ikusonyeza kuti akatswiri ena atchula pepalalo kangati m'zolemba zawo. Pepala lakale lakhala ndi nthawi yowerengedwa. La ziro lija latuluka mwezi wathawu, atsibweni. Mukufuna alitchule ndani, asanaliwerenge?"

Amuna ena kumbuyo anaseka. Bambo mfumu anayang'ana nsapato zawo. Ndinakhala pansi, ndipo ndinkaganiza kuti chilango changa chathera pomwepo.

Sichinathere pomwepo. Tiyamike analankhula bwino lomwe za matendawo, momwe amachizikira akapezeka msanga, ndipo anapempha amayi kuti apite ku chipinda cha sukulu kumene namwino anali atakonza malo. Koma mawu a mphunzitsi wamkulu amalowa msanga kuposa kukonza kwake. Amayi anayamba kunong'onezana. Kenako mayi Nachisale, amene amatsogolera mphakati wathu, anaimirira.

"Pepani adokotala, musatiyese amwano. Ife tagwirizana kuti atiyeze a nambala waniwo."

"Mayi, a Chisomo sayeza anthu. Ntchito yawo ndi ya mu labu, kuyang'ana zinthu pa makina."

"Ndiye tidikira tsiku limene adzaphunzire. Thupi ndi limodzi ili, sitingalipereke kwa womaliza."

"Koma mwamva zimene ndafotokoza za mdipiti?"

"Tamva, mwana wanga. Koma aphunzitsi anabwera ndi kope."

Tsiku limenelo, pa amayi odzaza bwalo, amene analowa m'chipindamo anali asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali Nabanda, amene analowa ndi mkwiyo, akundiyang'ana. Namwino anapakira zipangizo zake dzuwa likadali pamutu.

Tiyamike sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Pokwera galimoto anangonena kuti, "Atsibweni, manambala aja ine sindigona nawo m'mutu. Ndimalemba mapepala kuti amayi ngati awa asamafe ndi matenda ochizika. Ndibweranso pakatha miyezi iwiri. Inu anthu amakumverani, ndaona lero. Mukawabweze."

Kuyambira sabata yotsatira ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo pa njinga, kukwera ndi kutsika mapiri athuwa, kufotokozera amayi kuti ndinalakwa. Sinali ntchito yophweka kwa mwamuna wa msinkhu wanga, amene mawu akuti chiberekero anali asanawatchulepo pamaso pa mkazi wa mwini. Ena anandimvera. Ena anandipatsa mpando ndi mtedza, n'kundiuza mwachifundo kuti akumvetsa, magazi ndi magazi, munthu ayenera kuikira kumbuyo mwana wa mlongo wake. Ndinazindikira kuti pamene ndinkanena zabodza ndinali ndi kope, rula ndi chimkuzamawu, koma pokonza ndinali ndi pakamwa pokha.

(Mumtima ndimaonabe kuti dongosolo lawolo n'losokoneza, ndipo akanalemba pamwamba pa tsamba kuti liwerengedwe motani. Koma maganizo amenewa sindiuzanso munthu.)

Popeza ena akunena kuti ndinapulumuka mosavuta, nazi zimene nkhaniyi inandidyera:

Nkhuku ziwiri, zimene ndinatumiza kwa a Chisomo pamodzi ndi kalata yopepesa ya masamba atatu. Anayankha ndi mizere iwiri, mwaulemu.

Matayala awiri a njinga ndi tcheni chimodzi.

Masabata atatu otsatizana oimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, kunena kuti, "Ndinalakwa ndine."

Udindo wolandira alendo m'malo mwa banja, umene tsopano uli ndi mng'ono wanga, munthu amene amalankhula mphindi imodzi n'kukhala pansi.

Mwezi wathunthu umene Nabanda sanandipatse moni.

Amayi khumi ndi mmodzi amene sanabwerebe, ngakhale pa ulendo wachiwiri wa Tiyamike. Mayina awo ndikuwadziwa onse. Mmodzi ndi mayi Nachisale, ndipo Lachinayi likudzali ndipitanso kwawo.